Botolo la Mwatitha

Ndimagulitsa makala pa Kamunhu, kuno ku Mabvuku.
Magetsi akathima, malonda anga amayaka.
Makalawo ndiwo anagula yunifolomu yobiriwira
imene Mwatitha amavala akamanditsutsa.

Zinayamba ndi botolo.
Analidula pakhosi ndi mpeni wanga wa anyezi,
nalijambula timizere ndi rula,
nalipanikiza ndi njerwa ziwiri padenga la chimbudzi.
M'mawa uliwonse, asanasukusule n'komwe,
ankakwera pachidebe kukasuzumira.
Novembala yense botolo linakolola fumbi,
nyerere zitatu ndi phiko la njenjete.
Iye n'kumalembabe m'kope: palibe, palibe, palibe,
ngati wapagolosale wolemba ngongole ya thambo.

Pamjigo timafola kusanache.
Zigubu zimafika mpaka kumpanda wa tchalitchi.
Kumeneko ndiko anapititsa kope lake,
iye, Anotida, ndi Siyileni wagweluka uja,
kuwerengera akuluakulu masiku opanda dontho,
Chishona kutsogolo, Chichewa chopindikapindika pambuyo.
Bambo wina wa chipewa anati, mvula ndi ya Mulungu, ana inu.
Siyileni anati, nanga dambo lija mwathiramo simenti
linali la yani?
Mzere wonse unayang'ana pansi,
mjigo wokha ndiwo unapitiriza kutsokomola.

Loweruka ankatsikira m'ngalande ya mumsewu mwathu,
manja atakulunga m'majumbo a buledi,
kuvuula mabotolo, matewera, nsapato ya munthu mmodzi.
Anthu odutsa pa kombi ankaseka.
Ine sindinaseke, komanso sindinawathandize.
Ndinali ndi makasitomala.

Kenaka mbande.
Anatola njere za msasa zothetheka ndi dzuwa,
nazifesa m'mapaketi a maheu kuseri kwa nyumba,
n'kumazimwetsa madzi otsukira mbale,
madzi amene ine ndinasenza.

Tsiku lina madzulo anaima pa matumba anga.
Amayi, thumba limodzi ndi mitengo ingati?
Ndinati thumba limodzi ndi fizi yako,
ndi sopo, ndi mafuta a nyale yomwe umawerengera.
Mawu anatuluka akuthwa kuposa mmene ndinafunira.
Sanayankhe. Anayang'ana zikhadabo zanga zakuda,
ine ndinayang'ana zake, zakuda ndi dothi.
Usiku umenewo tinagona chofulatirana.

Kutacha ndinapeza paketi patsogolo pa thumba lililonse,
timasamba tiwiri tofiira tikunjenjemera.
Wogula makala azitenga kamtengo, anatero,
ndipo muzimufunsa dzina, ndidzapita kukaona.
Ndinadandaula kuti pamalonda si pa nazale.
Koma dzuwa likafika paliwombo
ndi ine ndimatisunthira pamthunzi.

Mvula inabwera usiku umodzi wa Disembala,
yonse pamodzi, ngati munthu wobweza ngongole mokwiya.
Malata analira mpaka sitinkamvana.
Mumsewu wakumunsi madzi analowa m'nyumba,
mabulangete ndi mabuku a sukulu kuyandama.
Mwathu ngalande inameza n'kupititsa.
Sindinena kuti ana anagonjetsa mvula.
Ndingonena kuti tinadzuka pamphasa youma.

Mwatitha anakwera pachidebe, natsika akulira.
Botolo linasefukira,
madzi anapitirira kamzere komalizira,
ndipo analibe nambala yoti alembe.
Tsamba lonse la palibe,
kenaka tsiku limodzi losawerengeka.

Ndinalowa m'nyumba,
ndinakhuthulira mafuta ophikira otsala m'kapu,
n'kutsuka chigubu cha malita asanu.
Mpeni wa anyezi uja ndinaunola pamwala.
Gwira apa, ndinatero. Ndidule pati?

Makala ndikugulitsabe, sindinama.
Dzulo ndagulitsa matumba anayi,
timitengo tatuluka titatu.
Wachinayi anakana, akuti ndi wa lendi,
alibe pobzala.
Mwatitha walemba dzina lake ndithu.
Akuti akalankhula ndi eni nyumba.